Mgodi ukatsekedwa, dzina la wobwera limakhala m'kaundula uti?

Boma likagamula zotseka mgodi wa malasha kapena siteshoni ya magetsi yoyendera malasha, pepala loyamba lomwe komiti yoona za kutsekako imaitanitsa ndi mndandanda wa antchito. Zonse amawerengera papepala limeneli: ndalama zopumira pa ntchito, malo a maphunziro a luso latsopano, mayina a oti asamutsidwire kwina, ngakhale kuchuluka kwa mipando pa msonkhano wofotokozera anthu. Mndandandawo umachokera ku ofesi ya malipiro ya kampani mwini malo, ndiye muli mayina a olembedwa mokhazikika okha. Wochotsa phulusa, woyendetsa lole ya malasha, mlonda wa pageti, wophika ku kantini, wowotcherera yemwe amaitanidwa makina akaima, onsewa amalipidwa ndi makontrakitala. Mayina awo ali m'mabuku a timakampani tomwe timapasuka kontirakiti ikangotha. M'maiko ambiri gulu limeneli ndi lomwe ladzaza anthu ochokera kunja ndi ochokera m'zigawo zakutali za dziko lomwelo.

Dziko liyenera kuchoka pa malasha, mafuta ndi gasi, ndipo pamenepo tilibe mkangano. Chomwe tikukana ndi momwe ntchitoyi ikuyendetsedwera, chifukwa wogwira ntchito wochokera kunja akuluza kawiri. Potseka zakale sawerengedwa. Pomanga zatsopano amafunidwa kwambiri, chifukwa ndi amene angalipidwe zochepa osatsegula pakamwa. Mawu achifundo a pa misonkhano sangathetse zimenezi. Chingathetse ndi ziganizo zochepa zolembedwa pamalo oyenera: m'malamulo a ziphaso, m'makontirakiti a ngongole zomangira, ndi m'zikalata zopikisanirana ntchito.

Lonjezo papepala lilipo kale. Mu 2015 bungwe la United Nations loona zantchito, la ILO, linatulutsa malangizo a momwe kusinthaku kungachitikire mwachilungamo, ndipo chaka chomwecho mawu oyamba a Pangano la Paris lothana ndi kusintha kwa nyengo anatchula chilungamo kwa ogwira ntchito komanso ufulu wa anthu osamuka. Koma mawu oyamba a pangano sapititsa munthu kukhothi. Pangano lomwe lili ndi mano, la United Nations la 1990 loteteza ogwira ntchito kunja ndi mabanja awo, linayamba kugwira ntchito mu 2003, ndipo palibe dziko la European Union lomwe linalivomereza. United States, Canada, Australia ndi maiko a ku Gulf nawonso ayi. Ambiri olivomereza ndi maiko otumiza anthu. Komabe ILO inawerengera kuti mu 2019 anthu 169 miliyoni ankagwira ntchito kunja kwa dziko lawo lobadwira.

Zomwe zinachitika ku siteshoni ya magetsi ya malasha ya Komati, m'chigawo cha Mpumalanga komwe kumachokera malasha ambiri a South Africa, zikuonetsa bwino pomwe pamabowoka. Mu November 2021 ku Glasgow, maiko olemera analonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni zothandizira kuchoka pa malasha, ndipo gawo lalikulu linali ngongole. Pa 31 October 2022 Eskom, kampani ya boma ya magetsi, inazimitsa makina omaliza a siteshoni ya Komati, ndipo mwezi wotsatira World Bank inavomereza madola 497 miliyoni zoti pamalopo pabwere magetsi a dzuwa, a mphepo ndi mabatire. Antchito okhazikika a Eskom sanachotsedwe, ena anangosamutsidwira ku masiteshoni ena. Amene anamva kuwawa ndi a makontrakitala, pamodzi ndi obwereketsa zipinda, ogulitsa zakudya ndi oyendetsa anthu. Siteshoniyo inafa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, makina akuzimitsidwa amodziamodzi, kotero pofika tsiku lotseka ambiri anali atabalalika kale popanda wowalemba. Komiti ya pulezidenti wa dzikolo yoona za nyengo inanena mu 2023 kuti kukonzekera ndi kukambirana ndi anthu kunayamba mochedwa. Tsiku lomwe nyuzipepala zimati malo atsekedwa silikhala tsiku lomwe ntchito zinayamba kutha.

Nzika yogwira kwa kontrakitala ikachotsedwa imavutika, koma imatsala m'dziko lake. Ingathe kupita ku ofesi ya zantchito mawa, mkuja ndi mwezi wamawa. Wobwera ali ndi wotchi ina pakhosi. M'maiko ambiri chiphaso chake chimamangiriridwa ku dzina la bwana mmodzi, ndipo ntchito ikatha amapatsidwa masabata ochepa kuti apeze bwana wina kapena anyamuke. Mlandu wa malipiro osaperekedwa umatenga miyezi, nthawi zina chaka. Bwana wosakhulupirika amadziwa masamu amenewa: sayenera kupambana mlandu, angoyenera kuuchedwetsa mpaka wodandaula atakwera ndege. Penshoni nayo ili ndi msampha wake. Ndondomeko zambiri zimafuna kuti munthu asonkhe zaka zingapo asanakhale ndi ufulu wolandira, ndipo ngati maiko awiriwo sanapangane zophatikiza zaka, zomwe anadulidwa mwezi ndi mwezi zimatsalira komweko.

Choopsa kwambiri chili m'mapapo. Matenda a fumbi la m'migodi, la miyala ngakhale la malasha, amatha kuonekera patatha zaka 10, 20 kapena kuposerapo munthu atasiya ntchito. Wotuluka pageti lero akuoneka wathanzi angathe kudzayamba befu kwawo, mgodi utadzaza madzi ndipo kampani itasintha dzina. Migodi ya golide ya ku South Africa yapereka kale phunziro lowawa pa zimenezi. Mu 2018 makampani 6 anavomera kulipira marandi 5 biliyoni kwa odwala silicosis, matenda a fumbi la miyala m'mapapo, ndi chifuwa chachikulu, khothi linavomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizipereka ndalamazo kwa omwe anagwira ntchito kuyambira 1965 mpaka 2019. Ndalama zilipo. Chovuta n'kupeza anthu ndi mapepala awo ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique, Eswatini, Botswana ndi maiko ena. Kalaliki wolemba anthu zaka 40 zapitazo analemba dzina momwe analimvera, ndipo silikufanana ndi la pa chitupa cha lero. Nambala ya kumgodi inatayika. Kalata ya imfa imangoti munthu anafa ndi matenda, osatchula matenda ake, ndipo mkazi wamasiye alibe chomwe angaonetse. Lamulo la South Africa limapatsa wakale wa kumgodi ufulu woyezedwa mapapo kwaulere zaka ziwiri zilizonse, koma ufuluwo uli ndi phindu lanji kwa munthu yemwe chipatala choyezera chili kutsidya kwa malire?

Mgodi wa malasha uliwonse wotsekedwa popanda kaundula wabwino ukukonzekera mavuto omwewa. Kaundula ayenera kuyamba tsiku lomwe ganizo lotseka lalengezedwa, kapena zaka zosachepera ziwiri makina oyamba asanazimitsidwe, ndipo asachokere ku ofesi ya malipiro. Achokere ku geti. Malo otere ali ndi makadi olowera, mabuku a maphunziro a chitetezo ndi mafayilo a ku kiliniki ya pamgodi, ndipo aliyense wolowa, kaya amalipidwa ndi yani, amasiya dzina m'modzi mwa malo atatuwa. Aphatikizeni, mubwerere m'mbuyo zaka zisanu. Pa dzina lililonse palembedwe nambala ya pasipoti ndi ya chitupa cha kwawo, kalembedwe kena kalikonse ka dzinalo, ntchito yomwe ankagwira ndi zaka zomwe anakhala m'fumbi, nambala za foni ziwiri, ndi dzina la wachibale wa kwawo. Aliyense ajambulidwe pachifuwa ndi kuyezedwa mphamvu ya mapapo ndi makutu asanachoke, ndipo apatsidwe zotsatira m'manja mwake, kope ina isungidwe ndi bungwe lomwe silidzatha kampani ikatha. Ndalama zodzayezera anthu m'tsogolo ziikidwe pambali monga momwe malamulo amakakamizira makampani kuika pambali ndalama zokwirira maenje. Maiko ambiri amafuna chikole chokonzera nthaka. Cha mapapo a anthu omwe anakumba nthakayo n'chosowa.

Kumbali yomanga, ziwerengero n'zokoma kumva. IRENA, bungwe la maiko loona za mphamvu zosatha monga dzuwa ndi mphepo, pamodzi ndi ILO anapeza kuti mu 2023 anthu 16.2 miliyoni ankagwira ntchito za mphamvu zimenezi, opitirira 7 miliyoni mwa iwo ku magetsi a dzuwa. Koma munda waukulu wa sola umamangidwa m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Nthawi imeneyo pamafunika anthu mazanamazana okhoma nsanamira, onyamula mapanelo, okumba ngalande za mawaya. Ukatha pamatsala ochepa otsuka, otchetcha ndi amisiri a magetsi. Malowo amakhala kutali ndi mizinda, nthawi zambiri kotentha, ndipo kontirakiti imakhala ndi chindapusa cha tsiku lililonse lochedwa. Ntchito ya mtundu umenewu imakoka makampani obwereketsa anthu, ndipo pansi pa kampani yaikulu pamatha kukhala makontrakitala atatu kapena anayi osanjikizana.

Unyolo umayambira kwawo kwa munthuyo, kwa madobadoba olemba anthu. Tiyerekeze kuti wina walipira madola 2,000 kuti apeze malo, ndipo ndalamazo wakongola kwa wakatapila pa 5 peresenti pamwezi. Chiwongoladzanja chokha mwezi woyamba ndi madola 100. Malipiro otsikitsitsa a ku Qatar, omwe anayamba mu March 2021, ndi mariyali 1,000 pamwezi, pafupifupi madola 275, kuonjezera 500 a nyumba ndi 300 a chakudya ngati bwana sakupereka zimenezi. Munthuyu akamatumiza madola 200 mwezi uliwonse, ngongole imatha m'mwezi wa 15. Ngati ntchito yomanga ndi ya miyezi 18, wagwirira banja lake miyezi itatu yokha. Malipiro akachedwa miyezi iwiri, zomwe si zachilendo kwa kontrakitala wapansi, ngongole imakula ndipo munda womwe anapinyolitsa umapita. Munthu wotere safunika kutsekeredwa m'mpanda. Sangakane ovataimu, sanganene kuti lamba wokwerera pamwamba ndi woduka, sangalowe bungwe la ogwira ntchito.

Izi zapezeka kale m'makampani odziwika. Mu 2023 First Solar, kampani ya ku America yopanga mapanelo, inalengeza yokha kuti kafukufuku pa fakitale yake ku Malaysia anapeza kuti makontrakitala anayi ankagwiritsa ntchito anthu ochokera kunja omwe analipira ndalama zolembedwera, ndipo ena analandidwa mapasipoti. Inalamula kuti mapasipoti abwezedwe ndi ndalamazo zibwezedwe. Tiyamikire kuti inanena, chifukwa ambiri amabisa. Mu December 2024 oyendera malo a ntchito ku Brazil anatulutsa anthu 163 a ku China pamalo omangapo fakitale ya galimoto zamagetsi ya BYD ku Camaçari, ponena kuti ankakhala ndi kugwira ntchito ngati akapolo. Anali a kontrakitala wotchedwa Jinjiang, yemwe anakana mlanduwo, ndipo BYD inathetsa kontirakiti yake. Pa nkhani zonse ziwirizi kampani ya dzina lalikulu sinali bwana wa anthuwo papepala. Ndi momwe dongosololi linapangidwira.

Pangano la ILO nambala 181 la 1997 limaletsa makampani olemba anthu kulipiritsa wofuna ntchito, ndipo mu 2019 ILO inafotokoza kuti ndalama zoletsedwazo zikuphatikizapo za kuchipatala, inshuwalansi, mayeso a luso, maphunziro, ulendo ndi ziphaso. Kulemba m'kontirakiti kuti "wantchito asalipire" n'kosavuta. Chovuta n'kutsimikiza. Munthu akafunsidwa pa bwalo la ndege kapena sabata yoyamba amakana, chifukwa dobadoba anamuuza kuti akaulula abwezedwa. Afunsidwe patatha miyezi itatu, m'chinenero chake, kapitawo palibe, ndipo funso likhale loti "munakongola zingati kuti mufike kuno", osamufunsa risiti, chifukwa dobadoba sapereka risiti. Njira ina yachidule n'kuyang'ana mabuku a bwana. Ngati kampani yabweretsa anthu 400 kuchokera kutsidya kwa nyanja ndipo m'mabuku ake mulibe ndalama zomwe inalipira wolemba anthu, wina analipira, ndipo tikumudziwa.

Mphamvu zoyera zili ndi ngozi zake zomwe munthu wozolowera kumanga nyumba sangaziganizire. Mapanelo akalumikizidwa mu mzere m'minda yaikulu amafika mavoti 1,500, ndipo dzuwa likamawala palibe switchi yozimitsira panelo lenilenilo. Magetsi ake ndi oyenda mbali imodzi, omwe lawi lake likabuka polumikizira silizima lokha ngati la magetsi a m'nyumba. Wozula pulagi mzere uli pa ntchito amapsa manja ndi nkhope. Moto wa mabatire a lithium nawo uli ndi khalidwe lake: batire limodzi likatentha limayatsa linzake, utsi wake ndi wapoizoni, ndipo chozimira moto wamba sichithandiza. Pa 24 June 2024 moto unabuka pa fakitale ya Aricell ku Hwaseong, ku South Korea, m'chipinda cham'mwamba momwe munali mabatire pafupifupi 35,000. Anthu 23 anafa, 18 mwa iwo ochokera kunja, 17 a ku China ndi mmodzi wa ku Laos, ndipo ambiri anabwera kudzera ku kampani yobwereketsa antchito. Ena anayesa kuzimitsa ndi zozimira wamba, utsi unadzaza pasanathe mphindi imodzi, ndipo anthu anathawira mbali yopanda khomo. Mabatire a pamenepo sanali a galimoto, koma kalembedwe ka antchito ndi komweko komwe kakufalikira m'mafakitale a mabatire. Phunziro la mphindi 20 m'chinenero chomwe munthu amamva, lomuuza kuti batire likafuka usazimitse koma thawa, khomo lake ndi ili, ndi lotsika mtengo kuposa chilichonse m'fakitale.

Kutentha kumapha mwakachetechete. Qatar imaletsa ntchito za panja kuyambira 10:00 mpaka 15:30 pakati pa 1 June ndi 15 September, ndipo lamulo la 2021 limati ntchito iime nthawi iliyonse muyeso wophatikiza kutentha, chinyezi, mphepo ndi dzuwa ukapitirira madigiri 32.1. Gawo lachiwirili ndi lomwe maiko ena ayenera kutengera, chifukwa kalendala sadziwa kuti chaka chino kwatentha msanga. Ambiri ofa ndi kutentha pa ntchito amafa m'masiku oyambirira, thupi lisanazolowere, ndiye wobwera kumene ayambe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a tsiku la ntchito, n'kumaonjezera tsiku ndi tsiku kwa sabata kapena awiri, akumwa kapu ya madzi mphindi 15 mpaka 20 zilizonse. Koma malamulo onsewa amagwa ngati munthu akulipidwa potengera mapanelo omwe waika. Wa ngongole ya katapila sakhala pamthunzi pomwe mphindi iliyonse yopuma ikumudya m'thumba.

Chingwe chomwe chimamanga zonsezi ndi chiphaso. Malinga ngati bwana ali ndi mphamvu yothetsa ufulu wa munthu wokhala m'dziko, malamulo ena onse a zantchito ndi okongoletsa. Pali zoyesedwa kale. Mu 2020 Qatar inachotsa lamulo lofuna kalata ya chilolezo cha bwana munthu asanasinthe ntchito, ngakhale mabwana ena amabwezerabe pomunenera kuti wathawa. European Union inakonzanso mu 2024 lamulo lake la chiphaso chimodzi cha ntchito ndi chokhalira, kuti munthu athe kusintha bwana ndi kukhala miyezi yosachepera itatu akufuna ntchito ina, kapena isanu ndi umodzi ngati wakhala ndi chiphasocho zaka zoposa ziwiri. Canada kuyambira 2019 imapereka chiphaso chosamangiriridwa kwa bwana kwa wozunzidwa pa ntchito, ndipo Australia inayamba mu 2024 kuyesa chiphaso cholola wodandaula kukhala mpaka atatsata mlandu wake. Pomwe mgodi kapena siteshoni ikutsekedwa ndi ganizo la boma, nthawi yofunira ntchito iyenera kufanana ndi nthawi ya maphunziro a luso omwe nzika zikupatsidwa. Kuphunzitsa munthu miyezi 9 pomwe chiphaso chake chikutha m'masiku 60 n'kuseweretsa ndalama.

Woyendera malo a ntchito asamayende ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Akayenda limodzi kamodzi kokha, palibe wobwera yemwe adzaimbenso foni yodandaula m'dera lonselo. Pa 4 September 2025 akuluakulu a ku United States anagwira anthu 475 pamalo omangapo fakitale ya mabatire ya Hyundai ndi LG ku Georgia, opitirira 300 mwa iwo a ku South Korea. Omangidwa maunyolo tsiku limenelo anali amisiri, pomwe amene anasankha mtundu wa ziphaso zowabweretsera anali m'maofesi.

Ndipo kampani yapamwamba iziyankha pa malipiro a aliyense wapansi pake. Ku Germany lamulo limalola wantchito wa kontrakitala wapansi kukafuna malipiro ake otsikitsitsa kwa kampani yomwe inapereka ntchitoyo. Lamulo lotere limasintha khalidwe msanga, chifukwa kampani yaikulu imayamba yokha kufufuza mabuku a apansi ake. Obwereketsa ndalama nawo ali ndi chida m'manja. Muyeso wachiwiri wa IFC, nthambi ya World Bank yobwereketsa ndalama makampani, umati ochokera kunja alembedwe pa mfundo zofanana ndi za nzika zogwira ntchito yofanana, ndipo umakhudzanso a makontrakitala. Chomwe chimasowa ndi chilango. Ngongole yomangira imatulutsidwa m'zigawo, ndiye chigawo chilichonse chizidikira umboni wa ku banki woti onse olowa pageti mwezi watha alipidwa. Ofufuza aonenso kuti makadi a ku banki ali m'manja mwa yani, chifukwa pali makapitawo omwe amasunga makadi a gulu lonse, n'kukatapa ndalama ndi kugawa zomwe akufuna.

Pali funso lomwe siliyenera kuzembedwa. Wachinyamata wa ku Mpumalanga, m'dziko lomwe anthu oposa 30 pa 100 aliwonse alibe ntchito, akaona basi ikutsitsa alendo pa munda wa sola womangidwa pafupi ndi kwawo, mkwiyo wake uli ndi maziko. Analonjezedwa kuti ntchito zatsopano zidzalowa m'malo mwa za malasha. Lamulo loti gawo la ntchito lipite kwa anthu a m'deralo ndi labwino, ndipo South Africa imaliika m'mipikisano yake ya magetsi. Koma tifunse chomwe kontrakitala akufuna mwa mlendoyo. Nthawi zina ndi luso losowa, monga la owotcherera mapaipi olimba kapena okwera nsanja za mphepo. Nthawi zambiri ndi mantha ake. Mukachotsa ngongole, mukamasula chiphaso, mukafananiza malipiro, mlendo amakhala wokwera mtengo kuposa nzika, chifukwa bwana akumulipirira ndege ndi nyumba. Pamenepo adzabweretsedwa pokhapokha akufunikadi. Wofuna kuteteza ntchito za nzika alibe chida chakuthwa kuposa ufulu wa wobwera. Kuthamangitsa alendo sikuwachotsa, kumangowalowetsa pansi pomwe amalandira theka, ndipo theka limenelo limasanduka mtengo wa ntchito kwa onse. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbiri ya migodi ili ndi umboni wa mbali zonse ziwiri. West Germany inapangana ndi Turkey zolemba antchito mu 1961, ndipo ambiri anatsikira m'migodi ya malasha ya ku Ruhr. Mu 1964 maiko awiriwa anasainirana pangano la penshoni ndi chithandizo china, ndipo kuyambira 1972 wochokera kunja aliyense anatha kusankhidwa m'makomiti oimira antchito pa kampani. Pomwe migodi inkatsekedwa m'zaka zotsatira, mpaka womaliza wa Prosper-Haniel ku Bottrop mu December 2018, wa ku Turkey yemwe anali wolembedwa ndi mgodi anali m'ndondomeko yomweyo yopuma msanga kapena kusamutsidwa ngati mnzake wa ku Germany. Koma dziko lomwelo mu 1983 linapereka mamaki 10,500 kwa wochotsedwa ntchito wovomera kubwerera kwawo kosabweranso, ndipo omwe anatenga ndalama zawo za penshoni analandira zomwe anasonkha okha, gawo la bwana linatsala. Maboma otseka migodi lero adzayesedwa ndi njira yachiwiriyi, chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imachepetsa chiwerengero cha osowa ntchito papepala.

Ku South Africa, bungwe la ogwira ntchito m'migodi la NUM litakhazikitsidwa mu 1982, pulezidenti wake woyamba anali James Motlatsi wa ku Lesotho, ndipo mlembi wamkulu anali Cyril Ramaphosa. Bungwelo linakula chifukwa silinafunse pasipoti pakhomo, m'migodi momwe mabwana ankagoneka anthu motengera mitundu kuti asagwirizane. Mabungwe a lero ali ndi ntchito yovutirapo, chifukwa munda wa sola umatha anthu asanadziwane. Umembala uyenera kutsata munthu osati malo: khadi limodzi logwira ntchito pa kampani iliyonse ya m'gawolo, chopereka chochepa kwa wa kontirakiti yaifupi, wolankhulira anthu wodziwa chinenero chawo, ndi mgwirizano ndi bungwe la kwawo kwa munthuyo kuti mlandu upitirire iye atabwerera. Makhothi a zantchito azilola umboni wa pa vidiyo ndi kuimiridwa ndi bungwe.

Osamuka chifukwa cha chilala, kusefukira kwa madzi ndi kukwera kwa nyanja akulowa m'msika womwewu. World Bank inawerengera mu 2021 kuti pofika 2050 anthu okwana 216 miliyoni angasamuke m'kati mwa maiko awo. Pangano la othawa kwawo la 1951 silikhudza nyengo, ndipo Ioane Teitiota wa ku Kiribati, yemwe anakanizidwa malo othawirako kukwera kwa nyanja, analuza dandaulo lake lotsutsa New Zealand mu 2020, ngakhale komiti ya United Nations inavomereza kuti tsiku lina kubweza munthu kumalo otere kungaphwanye ufulu wake wa moyo. Pangano la Australia ndi Tuvalu la 2023 limalola anthu 280 pachaka kusamuka ndi ufulu wokhala ndi kugwira ntchito popanda kumangiriridwa kwa bwana. N'lochepa, koma njira yake ndi yolondola.

Chomwe chidzagamule zonsezi ndi momwe maboma amagulira magetsi. Minda yambiri ya sola ndi mphepo imaperekedwa pa mpikisano, ndipo amapambana ndi wolonjeza mtengo wotsikitsitsa pa yuniti. Kampani yolipira yokha ndalama zolembera anthu, yopereka chipinda chabwino ndi yoimitsa ntchito dzuwa likaswa mtengo imaluza kwa yomwe ikudalira ngongole za antchito ake. Ndiye zinthu zimenezi zisakhale mapointi oonjezera omwe mtengo wotsika ungawameze. Zikhale zoyenereza kulowa mu mpikisano. Wopikisana aliyense aonetse mzere wapadera wa ndalama zolembera anthu pa mutu uliwonse, atchule makontrakitala onse ndipo asapitirire magawo awiri pansi pake, aike ku banki chikole chokwana malipiro a miyezi iwiri kapena itatu a anthu onse, chomwe ofesi ya zantchito ingatape popanda kudikira khothi. Chikolecho chibwezedwe patatha miyezi 6 ntchito itatha, ofufuza ataimbira foni ena mwa omwe anabwerera kwawo n'kumva kuti analandira zonse. Pa munda wa sola ndalama zambiri zimapita ku mapanelo, mainveta, zitsulo ndi chiwongoladzanja cha ngongole, kotero zoonjezerazi sizingasunthe kwambiri mtengo wa yuniti. Kampani yopezeka italanda mapasipoti kapena italola antchito kulipira madobadoba iletsedwe kulowa mipikisano yotsatira, ndipo chiletsocho chilembedwe pa mayina a eni ake ndi oyendetsa ake, chifukwa kulembetsa kampani yatsopano kumatenga masiku ochepa chabe.